Mtambo uli pansi: zomwe mabungwe ang'onoang'ono ayenera kudziwa asanasungitse makalata ndi kaundula wawo pa intaneti

JOHANNESBURG – Lamulungu pa 12 May 2024, nthambo ziwiri za intaneti zodutsa pansi pa nyanja yamchere ya India, za EASSy ndi SEACOM, zidaduka pakati pa maiko a South Africa ndi Mozambique. Tsiku lomwelo intaneti idafooka ku Tanzania, Mozambique, Malawi, Madagascar, Kenya, Uganda ndi Rwanda, ndipo ofesi ya kazembe wa dziko la America ku Dar es Salaam idatseka zitseko kwa anthu ofuna thandizo kwa masiku awiri.

Kutacha Lolemba, ogwira ntchito m'maofesi ambiri a m'maikowa adapeza magetsi akuyaka ndipo makompyuta awo ali bwinobwino, koma makalata ndi mafailo awo akutseguka movutikira kapena osatseguka n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti zinthuzo sizinali m'makompyuta a pa matebulo awo. Zinali pa mtunda wa makilomita mazanamazana, m'makina a makampani ena, pamalo pomwe masiku ano pamatchedwa “mtambo”.

Mabungwe omwe si aboma, makopaletivi a alimi, sukulu, zipatala zazing'ono ndi amalonda ambiri m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa asamutsira kale ntchito zawo ku mtambowu, ena mwadala, ena mosazindikira. Njirayi imachotsa mavuto ambiri akale a mu ofesi, komanso imabweretsa ena atsopano omwe mtsogoleri wa bungwe aliyense ayenera kuwadziwa asanasaine pangano lililonse.

Kodi mtambo n'chiyani?

Dzinali ndi lochokera ku mawu a Chingerezi oti cloud. Akatswiri a makompyuta akamajambula momwe makina awo alumikizirana, ankakonda kujambula kamtambo poimira intaneti, kutanthauza malo omwe wogwiritsa ntchito safunika kudziwa za m'kati mwake. Koma kumwamba kulibe kanthu. Mtambo ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makompyuta amphamvu otchedwa maseva, zokhala ndi makina oziziritsa, majenereta, mabatire ndi alonda usana ndi usiku. Kampani mwini nyumbayo imabwereketsa malo ndi mphamvu za makinawo kwa aliyense wolipira pamwezi kapena pachaka.

Mlimi amene wakolola chimanga ali ndi njira ziwiri. Akhoza kuchisunga m'nkhokwe ya pakhomo, pomwe amachiona tsiku lililonse koma ayenera kulimbana yekha ndi anankafumbwe, makoswe, mbala ndi moto. Akhozanso kukachisungitsa ku nyumba yosungiramo katundu ya m'tauni, komwe kuli mankhwala ndi alonda, koma ayenera kulipira lendi, kusunga bwino lisiti, ndiponso kudalira kuti mseu wopita kumeneko ukhala wodutsika tsiku lomwe adzachifune. Kusungitsa zinthu ku mtambo kukufanana ndi njira yachiwiriyi.

Ntchitoyi idayamba kudziwika kwa anthu wamba kudzera m'makalata. Hotmail idatsegulidwa mu 1996, Yahoo Mail mu 1997, ndipo pa 1 April 2004 kampani ya Google idabweretsa Gmail yomwe inkapereka malo a gigabaiti imodzi kwaulere, pa nthawi yomwe Hotmail inkapereka mamegabaiti awiri okha. Kusintha kwakukulu kudadza mu 2006 pamene kampani ya Amazon idayamba kubwereketsa malo osungira mafailo kudzera mu S3 ndi mphamvu za makompyuta kudzera mu EC2. Ambiri sadziwa kuti mbali yaikulu ya EC2 idapangidwa m'chigawo chino, ndi gulu la akatswiri la ku Cape Town lotsogozedwa ndi Chris Pinkham. Microsoft idatsatira ndi Azure mu 2010 ndi Office 365 mu 2011.

Kubwereka kumeneku kuli pa magawo atatu. Gawo loyamba ndi kubwereka makina okha, n'kuikamo mapulogalamu ofuna wekha. Lachiwiri ndi kubwereka makina okhala kale ndi zida zomangira ndi kuyendetsera mapulogalamu. Lachitatu ndi kubwereka pulogalamu yathunthu, yongotsegula n'kuyamba kugwiritsa ntchito, monga Gmail kapena Microsoft 365. Mabungwe ang'onoang'ono ambiri amakhala pa gawo lachitatuli chifukwa alibe katswiri wa makompyuta wolembedwa ntchito.

Makalata a imelo

Zaka za m'ma 2000, bungwe lofuna imelo ya dzina lakelake linkagula seva, kuiika m'kachipinda kokhoma, ndi kulemba munthu woisamalira. Magetsi akathima, makalata ankaima. Makina akafa, makalata a zaka zambiri ankatayika limodzi nawo. Masiku ano bungwe limagula dzina lake la pa intaneti, lothera ndi zilembo za dziko monga .mw, .zm, .mz, .zw kapena .za, n'kuliloza ku kampani yomwe imalandira, kusefa ndi kusunga makalatawo. Kampaniyo imachotsa makalata achinyengo ndi ma virus, ndipo wogwira ntchito amawerenga makalata ake pa foni kapena pa kompyuta iliyonse.

Cholakwika chofala ndi kuyendetsa ntchito za bungwe pa imelo yaulere ya munthu mmodzi. Mlembi akatsegula adiresi ya Gmail kapena Yahoo m'dzina lake, n'kuilumikiza ku nambala ya foni yake, makalata onse a opereka thandizo, a banki ndi a boma amakhala m'manja mwake. Akasiya ntchito mokwiya, akasamuka kapena akamwalira, kampani yosunga makalatayo sidziwa bungwelo, imadziwa mwini adiresi yekha. Kuwonjezera apo, kuyambira mu December 2023 Google idadzipatsa ufulu wofufuta ma akaunti a anthu omwe atha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Pa akaunti ya bungwe zinthu n'zosiyana: pamakhala woyang'anira amene angathe kutseka adiresi ya munthu wochoka ndi kusamutsira makalata ake kwa wolowa m'malo.

Imelo ndiyonso khomo lomwe mbava za pa intaneti zimakonda kulowera. Zimatumiza kalata yooneka ngati yochokera ku banki kapena kwa bwana, yopempha munthu kulemba mawu ake achinsinsi pa tsamba labodza. Zikalowa, zimawerenga makalata mwakachetechete kwa masabata angapo, kenako zimatumiza invoisi yeniyeni koma yosinthidwa nambala ya akaunti ya ku banki. Chitetezo chodalirika ndi chachiwiri pambuyo pa mawu achinsinsi: nambala yapadera yomwe imatuluka pa foni ya mwini akaunti nthawi iliyonse akamalowa pa makina achilendo. Nambala yotuluka m'pulogalamu ya pa foni ndi yotetezeka kuposa yobwera pa SMS, chifukwa akuba amatha kupusitsa ogulitsa ma SIM khadi n'kulanda nambala ya foni ya munthu.

Nkhokwe ya kaundula

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi 800 a mtedza. Ili ndi maina a mamembala, masheya awo, ngongole za mbewu, ndi makilogalamu omwe aliyense wabweretsa. Poyamba zonsezi zimalembedwa m'mabuku, kenako mu failo ya Excel. Pakapita nthawi, msungichuma amakhala ndi failo yake, mlembi yake, woyang'anira msika yakenso, ndipo mafailo atatuwo amasiyana. Tsiku logawana phindu likafika, mkangano umabuka pa funso loti failo yolondola ndi iti.

Vuto limeneli ndilo limathetsedwa ndi nkhokwe ya kaundula, yomwe akatswiri amaitcha database. M'nkhokweyi chinthu chilichonse chimalembedwa kamodzi kokha, pamalo amodzi. Dzina la mlimi limakhala pa mndandanda wa mamembala ndi nambala yakeyake. Ngongole zake ndi zokolola zake zimakhala pa mindandanda ina, yolumikizidwa ndi nambalayo. Anthu khumi akhoza kulembamo nthawi imodzi osasokonezana, ndipo nkhokweyo imatha kukana zolakwika zodziwikiratu, monga kulembetsa munthu mmodzi kawiri kapena kulemba malipiro opanda tsiku. Ikhozanso kusunga mbiri ya yemwe wasintha chiyani ndi liti, chinthu chofunika kwambiri pomwe pali ndalama za anthu.

Mapulogalamu otchuka a ntchitoyi, monga PostgreSQL ndi MySQL, ndi aulere, koma kuwayendetsa kumafuna luso: kuwaika, kutseka mipata yomwe akuba angalowere, ndi kukopera zonse pamalo ena usiku uliwonse. Mu 2009 Amazon idayamba kugulitsa ntchito yosamalira nkhokwe zotere m'malo mwa eni ake, ndipo makampani ena adachitanso chimodzimodzi. Bungwe limalipira, kampani imasamalira makina, ndipo bungwelo limatsala ndi udindo woonetsetsa kuti zolembedwamo n'zoona.

Chigawo chino chili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Pulogalamu ya DHIS, yosonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, idayambira ku South Africa m'zaka za m'ma 1990 mothandizana pakati pa akatswiri a m'dzikomo ndi a ku University of Oslo ku Norway. Yoyambayo inkakhala m'kompyuta ya ofesi iliyonse, ndipo ziwerengero zinkatumizidwa ku likulu ngati mafailo. Yolowa m'malo mwake, DHIS2, imakhala pa seva imodzi yomwe maboma onse a m'dziko amaifikira kudzera pa intaneti, ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko oposa 70, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Maiko ena amaisunga pa makina awoawo, ena pa makina obwereka.

Kwa ogwira ntchito kumidzi, funso lalikulu ndi loti kodi pulogalamuyo imagwira ntchito pomwe palibe netiweki. Zida monga KoboToolbox ndi ODK zimalola mlangizi kulemba zonse pa foni ali kumunda, ndipo foniyo imatumiza zolembedwazo ku nkhokwe ikafika pomwe pali netiweki. Pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse ikhoza kukhala yokongola pa chionetsero cha mu hotelo ya mu mzinda, koma yopanda ntchito pa depoti ya kumudzi.

Kugwirira ntchito pamodzi

Gulu la anthu asanu likamalemba lipoti potumizirana failo pa imelo, pomaliza pamakhala mafailo khumi a maina ofanana ndipo palibe amene amadziwa lomaliza. Kuyambira mu 2006, Google Docs idapereka njira ina: chikalata chimakhala chimodzi, pamalo amodzi, ndipo onse amalembamo nthawi imodzi, wina ali ku Lusaka, wina ku Tete, wina ku Lilongwe. Chikalatacho chimasunga mbiri yake, kotero kuti ndime yofufutidwa mwangozi Lachiwiri ikhoza kubwezeretsedwa Lachisanu. Dropbox idatsegulidwa kwa anthu mu 2008, Slack mu 2013 ndi Microsoft Teams mu 2017, ndipo mliri wa Covid-19 utatseka maofesi mu 2020, misonkhano ya pa kanema idasanduka chizolowezi ngakhale m'mabungwe omwe kale ankaikayikira.

Mphamvu ya zida zimenezi yagona pa zilolezo. Mwini failo amasankha yemwe angangowerenga, yemwe angaikepo ndemanga, ndi yemwe angasinthe. Ngozi imabwera pamene wina, pofuna kufulumira, atsegula failo kwa aliyense amene ali ndi adiresi yake. Adiresiyo ikangoponyedwa pa gulu la WhatsApp, mndandanda wa malipiro a antchito kapena maina a odwala ukhoza kufika kwa anthu omwe bungwelo silikuwadziwa.

WhatsApp yeniyeniyo ndiyo yasanduka ofesi ya magulu ambiri m'chigawo chino, chifukwa ndi yotchipa ndipo aliyense amaidziwa. Ndi yabwino poitanirana ku msonkhano ndi kudziwitsana zamwadzidzidzi. Koma si malo osungira mfundo za komiti, mapangano kapena malisiti. Foni ikabedwa kapena munthu akachotsedwa pa gulu, zambiri zimapita nazo, ndipo wofufuza mabuku a zachuma akabwera, kusaka chithunzi cha lisiti pakati pa mauthenga zikwizikwi ndi ntchito yowawa. Chomwe chagwirizanidwa pa WhatsApp chiyenera kulembedwa ndi kuikidwa m'foda ya bungwe tsiku lomwelo.

Pali chinthu chinanso chomwe ambiri amasokoneza. Foda yomwe imadzifananiza yokha pakati pa laputopu ndi mtambo si chitetezo chokwanira, chifukwa imafananiza zabwino ndi zoipa zomwe. Failo ikafufutidwa pa laputopu, imafufutikanso ku mtambo. Pa Google Drive, mwachitsanzo, zotayidwa zimachotsedweratu pakatha masiku 30. Virus yotseka mafailo kuti eni ake alipire dipo ikagwira kompyuta imodzi, mafailo owonongekawo akhoza kufalikira kwa onse ogawana fodayo.

Mseu wopita ku mtambo

Zonsezi zikutheka chifukwa cha nthambo za faiba. Chaka cha 2009 chisanafike, mbali yaikulu ya gombe la kum'mawa kwa Africa inalibe nthambo ya pansi pa nyanja yoilumikiza ndi maiko akunja, ndipo maiko ambiri ankadalira ma satelaiti odula ndi ochedwa. SEACOM idayamba kugwira ntchito mu July 2009, EASSy mu 2010, ndi WACS, ya ku gombe la kumadzulo, mu 2012. Mu 2022 nthambo ya Equiano ya kampani ya Google idafika ku Swakopmund m'dziko la Namibia ndi ku Melkbosstrand pafupi ndi Cape Town. Maiko opanda gombe, monga Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, amafikira nthambozi kudzera mwa anansi awo, kotero vuto la ku Mozambique kapena ku Tanzania limamveka mpaka ku Lilongwe ndi ku Lusaka.

Nyumba za maseva nazo zayandikira. Microsoft idatsegula zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu March 2019, Amazon ku Cape Town mu April 2020, Oracle ku Johannesburg mu 2022, ndi Google ku Johannesburg mu January 2024. Dziko la Malawi lidatsegula nyumba ya maseva ya boma ku Blantyre mu 2022. Kuyandikira kumafupikitsa ulendo wa uthenga, koma sikuthetsa kudalira nthambo zakunja. Pa 14 March 2024, nthambo zinayi, za WACS, SAT-3, ACE ndi MainOne, zitaduka kufupi ndi Côte d'Ivoire, ogwiritsa ntchito mapulogalamu a Microsoft ku South Africa adavutika ngakhale kuti nyumba za maseva za kampaniyo zili m'dziko lawo lomwelo.

Pa nkhani ya magetsi, mtambo umathandiza kwenikweni. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko la Malawi lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chidatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo madera ena a Zambia ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Seva ya mu ofesi imafuna magetsi osalekeza ndi chipinda chozizira. Laputopu, foni ndi kachipangizo ka intaneti zikhoza kuyenda ndi sola yaing'ono. Chimodzimodzinso madzi osefukira, monga omwe adadza ndi namondwe wa Idai ku Beira mu March 2019: ofesi ikhoza kumira, koma zomwe zidasungitsidwa kutali zimapulumuka.

Kufika kwa Starlink, intaneti ya satelaiti yomwe idayamba kugwira ntchito ku Mozambique, Malawi ndi Zambia mu 2023 ndi ku Botswana ndi Zimbabwe mu 2024, kwapereka njira ina kwa omwe angakwanitse mtengo wake. Mfundo yofunika ndi yoti ofesi yomwe ntchito zake zonse zili ku mtambo ikhale ndi misewu iwiri yosiyana yokafikako, ndiponso mafailo ofunika kwambiri a sabata imeneyo akhale otseguka popanda intaneti.

Lendi ya madola

Kugula seva ndi kulipira kamodzi ndalama zambiri. Kubwereka ndi kulipira pang'onopang'ono mpaka kalekale, pa munthu aliyense, mwezi uliwonse, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umawerengedwa m'madola a ku America. Apa ndi pomwe mabungwe a m'chigawo chino amapwetekera. Mu November 2023 ndalama ya kwacha ya Malawi idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi idachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Tiyerekeze ofesi ya anthu 10 yolipira madola 6 pa munthu pamwezi: madola 60 omwewo adakwera kuchoka pa K70,800 kufika pa K102,000 usiku umodzi, popanda chilichonse chowonjezereka pa ntchito yomwe ofesiyo inkalandira. Pomwe ndalama zakunja zikusowa, khadi la ku banki likhozanso kukanidwa, ndipo malipiro akachedwa kwambiri kampani imatseka akaunti.

Zaulere nazo zili ndi malire. Google imapereka magigabaiti 15 pa akaunti ya munthu, ogawidwa pakati pa makalata, mafailo ndi zithunzi. Malowo akadzaza, makalata atsopano amasiya kulowa. Mphatso za makampani kwa mabungwe othandiza anthu zimasinthanso: mu 2025 Microsoft idathetsa ina mwa ziphaso zomwe inkapereka kwaulere kwa mabungwe otere. Ngakhale pulogalamu yotchuka ikhoza kutsekedwa, monga zidachitikira Skype mu May 2025. Choncho bungwe lisanalowe, lifunse za potulukira: kodi zonse zomwe lasungamo zingatulutsidwe m'mafailo otseguka ndi pulogalamu ina, monga CSV kapena PDF?

Malamulo a maiko

Maina, manambala a ziphaso za unzika ndi mbiri ya matenda a anthu si katundu wa bungwe lowasonkhanitsa. Bungwe la SADC lidatulutsa chitsanzo cha lamulo loteteza zinsinsi zotere mu 2013, ndipo maiko angapo adakhazikitsa malamulo awo. Ku South Africa, lamulo la POPIA la 2013 lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo limalola kutumiza mbiri za anthu kunja pokhapokha ngati wolandirayo ali pansi pa lamulo kapena pangano lopereka chitetezo chokwanira, ngati mwini wake wavomera, kapena pa zifukwa zina zochepa zomwe lamulolo lidatchula. Lamulo la Zambia la 2021 lidapitirira apo: lidalamula kuti mbiri za anthu zizisungidwa pa maseva a m'dzikomo, kupatula magulu omwe nduna yawalola, ndipo zinsinsi zazikulu monga za umoyo zisasungidwe kunja. Zimbabwe idakhazikitsa lake mu 2021 pansi pa bungwe la POTRAZ, ndipo Malawi mu 2024 pansi pa bungwe la MACRA.

Malamulo a kwawo kwa kampani yosunga zinthuyo nawonso amakhudza. Lamulo la CLOUD Act lomwe dziko la America lidakhazikitsa mu 2018 limapatsa akuluakulu a zamalamulo a dzikolo mphamvu zolamula makampani a ku America kupereka zomwe akusunga, ngakhale makinawo ali m'dziko lina. Kwa sitolo ya zitsulo izi sizingakhale nkhani yaikulu, koma kwa atolankhani, maloya ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu n'zofunika kuziganizira. Omwe sakufuna kuika zinthu zawo m'manja mwa makampani akunja akhoza kugwiritsa ntchito mapulogalamu aulere monga Nextcloud pa seva yobwereka m'dziko mwawo, koma adziwe kuti ntchito yoisamalira yabwerera kwa iwo.

Pa malamulo onsewa mfundo ndi imodzi: kusungitsa kwa wina sikuchotsa udindo. Mbiri za anthu zikaululika, woyamba kuyankha mlandu ndi bungwe lomwe lidazisonkhanitsa.

Nyumba za maseva nazo zimapsa

Makampani ambiri amalonjeza kuti ntchito yawo ikhala ikuyenda 99.9 peresenti ya nthawi. Lonjezo limeneli limalola maola pafupifupi 9 a kusokonekera pachaka, ndipo likaphwanyidwa, chipukutamisozi chimangokhala kuchotserako lendi, osati kubweza zomwe bungwe lataya. Pa 20 October 2025 vuto la pa makina a Amazon ku Virginia lidasokoneza mapulogalamu ambiri padziko lonse kwa maola angapo. Kusokonekera kotere kumatha. Choopsa kwambiri ndi kutayika.

Pa 10 March 2021 moto udanyeketsa nyumba imodzi ya maseva ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg m'dziko la France. Ena mwa makasitomala adataya zonse chifukwa makope awo osungira ngozi anali pamalo omwewo. Mu September 2025 moto woyambira m'mabatire pa nyumba ya maseva ya boma ku Daejeon m'dziko la South Korea udawononga mafailo a ogwira ntchito m'boma okwana materabaiti 858, omwe analibe kope kwina kulikonse. Mu May 2024 kulakwitsa kwa pa makina a Google Cloud kudafufuta akaunti ya UniSuper, thumba la penshoni la ku Australia la mamembala oposa theka la miliyoni. Bungwelo lidabwezeretsa ntchito zake patatha pafupifupi masabata awiri, ndipo china chomwe chidalithandiza ndi makope omwe lidasungitsa kwa kampani ina.

Akatswiri ali ndi lamulo lapafupi lotchedwa 3-2-1: makope atatu a chinthu chilichonse chofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi mwa makopewo lili pamalo ena. Kwa bungwe laling'ono izi zikutanthauza kuti kamodzi pa sabata kapena pamwezi, munthu wodziwika ndi dzina azitulutsa kaundula, mafailo ndi makalata ofunika, kuziika pa hard drive yotsekedwa ndi mawu achinsinsi, n'kuisunga kunja kwa ofesi. Kopelo liziyesedwa nthawi ndi nthawi, chifukwa kope lomwe silinatsegulidwepo silingadaliridwe. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Makiyi ali ndi yani?

Mabungwe ambiri sataya zinthu zawo chifukwa cha moto wa ku Ulaya kapena nthambo ya pansi pa nyanja. Amazitaya chifukwa mnyamata wodziwa makompyuta yemwe adawathandiza kutsegula akaunti adalembetsa zonse m'dzina lake, kenako adapita kukafuna ntchito ku Johannesburg. Kapena chifukwa dzina la bungwe la pa intaneti lidatha nthawi popanda woliwonjezera, makalata n'kuima.

Komiti iliyonse ikhoza kudzifunsa mafunso ochepa pa msonkhano wake wotsatira. Kodi dzina la pa intaneti ndi ma akaunti onse adalembetsedwa m'dzina la bungwe? Kodi pali anthu awiri, osati mmodzi, okhala ndi mphamvu za woyang'anira? Kodi munthu akachoka ntchito, zilolezo zake zimachotsedwa tsiku lomwelo? Kodi lendi ya chaka chamawa ili mu bajeti, ndipo bajetiyo yaganizira kugwa kwa ndalama ya dziko? Kodi makinawo ali m'dziko liti, ndipo lamulo likulola? Nanga kope lomaliza lidatengedwa liti, ndipo lili m'manja mwa yani?

Kwa gulu la anthu asanu kapena makumi awiri lopanda katswiri wa makompyuta, kubwereka kwa kampani yodziwa ntchito yake nthawi zambiri n'kotetezeka kuposa seva ya pansi pa tebulo kapena fulashi ya m'thumba la mlembi. Koma kampaniyo imasamalira makina okha. Mawu achinsinsi, zilolezo, malipiro ndi kope lapadera zimatsala m'manja mwa komiti, monga momwe limatsalira buku la ndalama.